Kamzere kopeta mawu m'manambala

Mndandanda wa katundu umene ogulitsa pa oda a ku Kamwala amatumiza pa WhatsApp umafika wosokonekera: chitenge, 6yds, 0045, A4, 120, sopo, nambala ya foni, zonse pamzere umodzi. Azakhali anga ali ndi shopu pafupi ndi msika wa Luburma, ndipo ntchito youpeta kuti patsale mayina a katundu okha ndi yanga. Ndinkangofufuta pamanja, kufikira mnzanga wophunzira pa UNZA atandilembera kamzere aka mu Notepad++:

\b(?!\d+\b)\w+\b

Akuti ndi regex. Kuyambira tsikulo sindikukakhuta.

Chidutswa cha \w+ chimagwira gulu lililonse la zilembo ndi manambala, pamene \b ndi malire a liwu. Pokoma penipeni ndi pa (?!\d+\b). Kameneka kamayamba kasuzumira kutsogolo, kakaona kuti ndi manambala okhaokha mpaka kumalire, kamaletsa kugwira. Basi 120 wagwa, 0045 wagwa, nambala ya foni yagwa, koma A4, 6yds ndi 2kg zatsala zamphumphu. Apa ndi pamene ndinagonja, chifukwa ukafufuta manambala onse mwachisawawa, pepala la A4 limasanduka A, shuga wa 2kg n'kusanduka kg, ndiye udzamupatsa chiyani kasitomala?

Ndinkayesa kuti regex ndi nzeru zadzulodzulo, komatu n'zakale kuposa ufulu wa Zambia wa 1964. Katswiri wa masamu Stephen Kleene anazifotokoza mu 1951, ndipo Ken Thompson, mmodzi mwa amene anapanga Unix, anaziloŵetsa m'mapulogalamu olembera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Kamzereka kali ndi makani ake. Google Sheets siivomera kusuzumira kuja, choncho kumeneko ndimagwiritsa REGEXREPLACE ndi \b\d+\b, kuchotsa manambala m'malo mosankha mawu. Liwu ngati ng'oma kamzereka kamalidula paŵiri, ng ndi oma, poti kachizindikiro kam'mwamba sikali m'gulu la \w.

Chimene chinandiseketsa ndi mitengo. K250 inatsala pakati pa mayina a katundu, popeza K wa kwacha ndi chilembo. Azakhali anasuzumira pa sikirini nati, "Iwe, K250 timagulitsa shelefu iti?" Mankhwala ake ndi tizizindikiro tiŵiri tokha: kulemba K? kutsogolo kwa \d+, kutanthauza kuti K akhalepo kapena asakhalepo, mtengowo uchoke.