Tiki Imodzi Yotuwa

Pa tchuthi chapitachi, ndili kwathu ku Ndirande, ndinabwereka foni ya amayi kuti ndiwakumbutse amalume a ku Limbe za fizi imene anandilonjeza. Pa WhatsApp tiki imodzi yotuwa imasonyeza kuti uthenga wachoka. Matiki akakhala awiri ndiye kuti wafika, akasanduka abuluu wawerengedwa. Wanga unakhala ndi imodzi masiku anayi, ndipo chithunzi chawo nachonso chinasowa. Ndinkadzitonthoza kuti mwina alibe bando. Koma mlongo wanga atawalembera pa foni yake, matiki awiri anaoneka pompo. Basi, amalume anali atatibuloka.

Amayi sanalankhule zambiri. Anamasula mfundo ya chitenje nandipatsa ya minibasi. "Pita ukawaone, mwanawe. Ukawalonjere bwino, za fizi ukadikire afunse okha."