Funsani musanakumbe maziko

Ambiri tikangogula puloti timathamangira simenti, osafunsa kaye kuti lamulo likuti chiyani. Ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, pulani ya nyumba imayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo musanayale njerwa yoyamba. Koma pa timafunso tina, monga khoma litalikirane bwanji ndi malire a neba, kapena chimbudzi chokumba chikhale kutali bwanji ndi chitsime, oyankha msanga ndi amisiri omwe adakumana nazo kale. Anthu amenewa ine ndimawalemekeza kwambiri. Wina akakuuzani kuti pulasitiki yakuda yoyala pamwamba pa maziko ija imatchinga chinyontho kuti chisakwere khoma n'kumatukula penti, wakupulumutsirani ndalama zambiri. Mukamva zonsezo mukatsimikizebe kukhonsolo, poti chidindo chili kumeneko.