Kampira ka mu ofesi sikapirira chikhatho cha mwana

Bambo wina wodziwa kupala matabwa anakhoma yekha bokosi la masewera a pa kanema, longa aja ankaikidwa m'masitolo a ku America. M'kati mwake anaikamo kompyuta yakale yokhala ndi MAME, pulogalamu ya mu 1997 yotsitsimutsa masewera akale. Ankafuna kuti mwana wake alaweko Centipede, masewera a Atari a mu 1981, oseweredwa pogubuduza kampira kotchedwa trackball.

Pofuna kupulumutsa ndalama, anagula kampira ka mu ofesi. Komatu kameneka anakapangira nsonga za zala: kamangotsamira pa timfundo titatu, ndipo kamaima msanga. Mwana uja atakamenya ndi chikhatho, kanafwamphuka n'kugwera pansi. Iye analira, poganiza kuti waononga ntchito ya atate ake.

Kampira ka m'mabokosi enieni n'kolemera, n'kotsekeredwa kuti kasatuluke, ndipo kamakhala pa zitsulo zoyenda ndi mabelingi ngati a njinga. Ukakakankha kamodzi, kamazungulirabe kokha.

Bamboyo anamutonthoza mwanayo, namuuza kuti wolakwa ndi amene anagula. Anasunga ndalama miyezi ingapo mpaka anapeza koyenera. Lero mwana uja akumenya mopanda mantha, atate ake akudikira kuti nawonso aseweretseko.