Timagalimoto ta M'bokosi

Anzanga a m'migodi, sabata ino ndifuna kukamba nanu za kanchito kena kamene ine ndimagwira madzulo ndikaweruka ndiponso tsiku la Sabata, ndiko kumanga timagalimoto ta pulasitiki togula m'bokosi. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, pakuti ngakhale m'cipinda mwathu alipo amene amandifunsa kuti, "Acimwene, ndevu zonsezi mukali kusewera ndi zidole?" Oseka aseke. Koma amene afuna kumva za nchitoyi awerenge, ndipo ndidzamuuza zimene ndidziwa.

Mukatsegula bokosi simupezamo galimoto ai. Mupezamo tizidutswa tambirimbiri, nthawi zina toposa 100, tolumikizika ku timitengo ta pulasitiki monga nthoci pa mkoko, pamodzi ndi matayala a mphira, magalasi, ndi pepala la zithunzi losonyeza pamene kacidutswa kali konse kayenera kukhala. Pa bokosi pamalembedwa 1/24 kapena 1/25, ndiko kunena kuti inchi imodzi pa kagalimoto iimira mainchi 24 kapena 25 pa galimoto yeniyeni. Chevrolet Bel Air ya 1957, imene kutalika kwake ndi mainchi 200, m'bokosi la 1/25 imatuluka mainchi 8. Zonse zimacepa mofanana, ndi cogwirira citseko comwe. Apa ndi pamene zisiyana ndi galimoto za mawaya zija tinali kukhota tiri ana. Za mawayazo sindizinyoza, ndizo zinaphunzitsa manja athu. Koma pa izo mwana amapanga monga mtima wake wafunira, pamene pa izi yolamula ndi galimoto yeniyeni, ndipo munthu woidziwa akayang'ana amaona msanga pamene mwanama.

Malonda ake anakula nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha. Kampani ya AMT ya ku Michigan, ku America, poyamba inali kupangira ogulitsa galimoto timagalimoto tomanga kale toonetsa makasitomala, ndipo m'caka ca 1958 inatulutsa mabokosi a zidutswa, bokosi limodzi lomangika mwa njira zitatu. Airfix ya ku England inayamba ndi thirakitala ya Ferguson m'caka ca 1949. Tamiya ya ku Shizuoka, ku Japan, imene mabokosi ake amayamikidwa kwambiri, inayamba m'caka ca 1946 ngati malo ocekera matabwa.

Kamene ndiri kumaliza tsopano ndi Volkswagen ya 1966, ija yamsana wa kamba imene kuno amaichula kuti Volksie. Galimoto zimenezi zinali kumangidwa ku Uitenhage, kumene kuyambira 2021 kumachedwa Kariega, kucokera mu 1951 kufikira 1979, ndipo yomaliza pa dziko lonse inatuluka ku Puebla, ku Mexico, mu 2003. Injini yake iri kumbuyo, ndipo imazizira ndi mphepo, iribe ladiyeta, simuthira madzi. Kutsogolo, kumene zinzake zimakhala ndi injini, kuli thanki ya petulo, tayala la sipeya ndi malo a katundu. Batire anaibisa pansi pa mpando wa kumbuyo.

Sindinaisankhe cifukwa ca kukongola. Bambo anga anagwira nchito pa mgodi wina pafupi ndi Johannesburg ali mnyamata, ndipo tsiku la Sabata anali kutsuka Volkswagen ya mzungu wina wa pa mgodipo kuti apeze ya sopo ndi fodya. Zaka zitatu anaitsuka. Amadziwa pamene matope anali kubisala, pansi pa copondapo cija ca m'mbali. Amadziwa kuti mudigadi wa kumbuyo wa kumanzere unali wopindika pang'ono. Amadziwa ndi kulira kwa citseko cake potseka. Koma sanakhalemo ngakhale tsiku limodzi iri kuyenda. Lero ndi nkhalamba, cifuwa cimawabvuta monga cibvutira ambiri amene analowa pansi masiku aja, ndipo akayamba nkhani ya galimotoyo pa foni, mayunitsi amatha nkhani isanathe. Ndiye ndinati ndiwamangire, aigwire m'manja, ikhale yao.

Tsono mverani za kamangidwe. Coyamba sambitsani zidutswa zonse m'madzi ofunda ndi sopo, cifukwa zimacoka ku fakitale ndi mafuta a m'cikombole, ndipo penti sagwira pa mafuta. Musathyole kacidutswa ndi manja pocotsa ku kamtengo kake, dulani ndi lezala kapena cowengera zikhadabo. Mukayang'anitsa thupi la galimoto mudzaona kamzere kakang'ono kotumphuka pamene mbali ziwiri za cikombole zinakumana. Pa galimoto yeniyeni kamzereko palibe, cotero kayenera kucoka ndi sandipepa wosalala. Muzinyowetsa sandipepayo ndi madzi. Zifuwa zathu pfumbi zinadya kale lokwanira.

Guluu wake si wamba. Samata monga ulimbo, koma amasungunula pulasitiki pang'ono mbali zonse ziwiri kuti zigwirane zikhale cinthu cimodzi, monga acitira owocherera zitsulo. Dontho limodzi likwanira, ndipo akafika pa cala, calaco cikakhudza citseko, cidindo cake cimatsala pomwepo. Pa magalasi musamuyandikize konse, ngakhale supa guluu, pakuti onse awiri amaononga galasi, limacita cifunga. Pamenepo pafunika guluu woyera wa akalipentala, amene akauma saoneka. Mabampa ndi mawilikapu amabwera opakidwa kale zonyezimira, ndipo guluu sagwira pa zonyezimirazo. Palani pang'ono ndi lezala pamalo pomatira pokha.

Pa penti ndi pamene pamaonekera munthu wofatsa ndi wopupuluma. Mumayamba ndi penti wotuwa wa pansi, amene amaulula zikanda zonse zimene maso anakubisirani. Kenaka mtundu weniweni, pang'ono pang'ono, katatu kapena kanai, osati kamodzi kocuruka, cifukwa penti wocuruka amayenderera ndi kukwirira mizere ya zitseko. Pakirani panja, pfungo lake si labwino m'cipinda mogona anthu. Ndipo mwezi wa August, mphepo ikayamba kunyamula pfumbi lacikasu la pa mapiri a mcenga wa m'migodi, bvundikirani kagalimotoko ndi cigubu ca ayisikirimu mukangomaliza kupaka. Dikirani sabata yathunthu penti aume mpaka mkati, ndipo pambuyo pake pukutani ndi kansaru kofewa ndi mankhwala otsukira mano. Mudzaona nkhope yanu pa boneti.

Mpaka pamenepa munthu ali yense angathe, akatsata pepala. Cimene cimanditenga mtima ine ndi zimene pepala silinena. Injini ya Volkswagen iri ndi mapulagi 4, koma mabokosi ambiri saika nthambo zake. Ine ndinasenda waya wa mahedifoni akufa, ndinatengamo tinthambo 4, ndinaboola timabowo ndi singano, ndi kuika kali konse pamalo pake. Waya wa wailesi amapangidwa ndi kamtengo kaja kotsala: mukatenthe pamwamba pa kandulo mpaka kafewe, mukakoke pang'ono pang'ono, kamatalika ndi kuonda ngati ulusi. Mzere wonyezimira wa m'mbali mwa galimoto ndinadula ku pepala lasiliva lokutira cokoleti. Mizere ya zitseko mumathiramo penti wakuda wosungunula kwambiri ndi nsonga ya burashi, amayenda yekha m'mzeremo, ndipo citseko cimaoneka ngati cingatseguke. Nchito zotere ndimagwira Sabata m'mawa. Tsiku limene munthu wagwira makina oboolera mwala manja amanjenjemera kufikira usiku, ndipo singano siimvera.

Yaikuru koposa inali ya ciongolero. Mabokosi ambiri amaika ciongolero kumanzere monga ziyendera galimoto ku Germany ndi ku America, koma ya bambo inali ya kuno, ciongolero kumanja. Ndinadula dashibodi pakati, wochi ya liwiro ndinaisamutsira kumanja ndipo kabokosi kosungira mapepala kumanzere, ndi zopondera zomwe ndinazisuntha. Zinanditengera Masabata atatu. Pa nambala ndinalemba TJ, zilembo za Johannesburg za masiku aja, zimene bambo akumbukira bwino. Manambala otsatira anaiwala, ndiye ndinaikapo caka cimene iwo anafika kuno.

Pa cinthu cimodzi tinatsutsana ndi mnzanga wa ku Chipata amene timagona cipinda cimodzi, amenenso kale anali m'gulu la oseka. Iye anati galimoto ya pa mgodi siinali kuwala, ndiipake pfumbi ndi dzimbiri kuti ioneke yoona, monga acitira akatswiri ena. Mau ake ngomveka, ndipo ndinaganizapo masiku angapo. Koma nchito ya bambo inali kuiwalitsa, ndipo galimoto imene iwo aidziwa ndi ya Sabata madzulo, itauma, isanacoke pa bwalo. Cotero pamwamba ndaisiya yowala. Pfumbi ndaika kunsi kokha, kumene nsaru yao siinali kufika, ndipo ndi pfumbi lenileni la pa phiri la mgodi, losakaniza ndi guluu woyera ndi madzi. Mudigadi wa kumanzere ndinaufewetsa ndi supuni yotentha ndi kuupinda pang'ono, ngakhale mnzangayo anagwira mutu poona munthu akupinda dala cinthu cimene wasalaza mwezi wathunthu.

Za ndalama ndinene zoona: mabokosiwa si ochipa, ndipo munthu asagule ya kumudzi asanatumize. Koma bokosi limodzi ine limandikhalira miyezi itatu, ndipo zipangizo zambiri ndi zotola. Amene ali pafupi ndi Johannesburg kapena Pretoria angapeze mabokosi m'masitolo a zoseweretsa, ndipo akale otsegula amagulitsidwa motsika m'misika ya zakale; muwerenge zidutswa musanalipire, makamaka magalasi ndi matayala, pakuti izi nzobvuta kupanga nokha.

Mu December ndidzaiika m'cigubu comweco ca ayisikirimu, ndi thonje pansi ndi m'mbali, ndipo idzayenda pa miyendo panga, osati m'katundu wa pansi pa basi. Njira ndi yaitali, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kufikira Mwanza, ndipo pa zipata amakonda kutsegulitsa. Waya wa wailesi ndi kagalasi koonera kumbuyo sindinamatire. Ndazikulunga pazokha m'bokosi la macesi, ndidzamatira pa khonde ndikafika, bambo atandisonyeza mbali imene zinali.