Ulendo Wathu wa ku Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

M'mwezi wa Julayi Bambo Mfumu anatiitana, natiuza kuti tikasunge tchalitchi laling'ono la pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, pakuti mphunzitsi wakale amene analisunga zaka zambiri anatsikira kuli chete. Tinavomera ndi pakamwa, koma mtima unali ndi mantha. Tidaphunzira ku seminale, inde, koma kuika maliro, kuyanjanitsa mabanja osweka, ndi kuimirira pa malo a munthu amene mudzi wonse unkamutcha atate, izi mabuku sadatiphunzitse. Akulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ife tinaopa nkhonyazo tisanazione.

Tinanyamuka ku Limbe m'mamawa, nitidzera pa Bvumbwe. Titayandikira boma la Thyolo, dziko linasanduka: zitunda zonse zinali zofunda tiyi, wosalala pamwamba ngati mphasa yoyala, ndi timisewu ta dothi lofiira todutsa pakati pake. Chiperoni chinali kuwaza, mvula yamawawa ija yochokera cha ku Mozambique, ndipo phiri la Thyolo linabisika mu nkhungu. M'mbali mwa minda munali nkhalango za bulugamu, zimene nkhuni zake zimaumitsa masamba ku fakitale.

Tiyi sanamere yekha m'dziko muno. Anayamba kumuyesa pa misoni ya Blantyre, ndipo mu 1891 Henry Brown anamubzala ku Mulanje. Ku Thyolo, kumene Azungu ankalemba kuti Cholo, munda wa Satemwa unatsegulidwa ndi Maclean Kay mu 1923. Manja ambiri amene anagwetsa nkhalango ndi kubzala mbande anali a Alomwe, amene anaoloka mtsinje wa Ruo kuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi. Atafika kuno anapeza thangata, ndiyo ntchito yokakamiza yolipirira malo okhalapo, ndipo lamulo lolithetsa linadza mu 1962. Poyenda m'timisewu tija tinalingalira kuti Akhristu amene tikupita kukawatsogolera ndiwo adzukulu a anthu odziwa mantha koposa ife.

Masana tinafika pa chigawo china cha munda chimene chinatidabwitsa. Tiyi yense anali wodulidwa, wopanda tsamba, nthambi zokhazokha zotuwa ngati munapita moto. Pamenepo tinakumana ndi mayi wina wachikulire, wosenza nkhuni, korona ili m'khosi. Titapatsana moni, iye anatizindikira, nati: "Kodi ndinu aphunzitsi atsopano aja? Takulandirani." Ife tinafunsa: "Amayi, nanga munda uwu wafa ndi chiyani?" Iye anaseka pang'ono, nati: "Sunafe ayi, aphunzitsi. Audulira. Tiyi mukamuleka amasanduka mtengo wautali, wothyola sangafikire nsonga zake. Bwerani mvula ikagwa, mudzaona."

Mayiyo anathyola tiyi kuyambira utsikana wake. Anatifotokozera ntchitoyo pamene tinali kuyenda: dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga kake, kupita nalo ku sikelo pamaso pa kapitawo, ndi kuwerenga malipiro amene sakwanira bwino mwezi. Ntchito imachuluka m'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Epulo. M'chilimwe ambiri amakhala pakhomo, ndipo minda yawoyawo ndi yaing'ono, pakuti nthaka yaikulu ili ndi tiyi. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba m'maboma a kum'mwera, yakenso inagwa, ndipo iye anatsala ndi adzukulu atatu oti alere. Tinamufunsa ngati sanachite mantha. Iye anati: "Ndinachita, aphunzitsi. Koma ana anafuna phala m'mawa. Ndinachita chizindikiro cha mtanda, n'kusonkha moto."

Mawu awa anatilasa mtima koposa maulaliki ambiri amene tidamva. Ife tinali kuyembekeza kuti mantha athe poyamba, ndipo pambuyo pake tiyambe ntchito. Mayi uyu sanayembekeze. Anachita chimene chinali pamaso pake tsiku limenelo, nasiya mawa m'manja mwa Mulungu. Tinakumbukira Yosefe Woyera, amene m'Mabuku a Uthenga Wabwino simupezeka liwu ndi limodzi lomwe lotuluka pakamwa pake, koma atauzidwa kuti atenge Mwana ndi Amake, anadzuka usiku womwewo nanyamuka. Tinakumbukiranso aphunzitsi oyamba a Eklezia kuno. Ansembe a Montfort atafika ku Nzama mu 1901 anali atatu okha, ndipo m'zaka zotsatira midzi yambiri inamva katekisimu kwa amuna wamba oyenda pansi, amene maina awo ambiri aiwalika.

Madzulo tinalowa m'tchalitchi lija. Denga linali kudontha, mabenchi anali ochepa, ndipo pa tebulo panali buku la maina a akatekumeni, lolembedwa ndi dzanja la malemu. Tinagwada nthawi yaitali osanena kanthu. Mantha sanachoke onse, ndipo sitifuna kukunamizani kuti anachoka; koma tinatsegula bukulo, nitiwerenga maina mmodzimmodzi, kuti m'mawa tiyambe kuwayendera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono inu abale, m'nyumba zambiri zimene kalata uyu adzawerengedwa muli wina amene wasenza katundu wosayembekezera: mkazi wamasiye, mnyamata amene watsala mutu wa banja, kapena wosankhidwa kumene kutsogolera limana. Musayese kuti mantha anu ndiwo umboni wakuti Mulungu sanakuitaneni. Mwina mwaduliridwa chabe, ndipo mizu ili moyo. Chitani ntchito ya lero mwachifatse, pempherani korona pamodzi ndi ana anu madzulo, ndipo mutikumbukire ifenso. Tapangana ndi mayi uja kuti mvula yoyamba ikagwa tidzapita naye kukaona munda wodulidwa uja.