Mfuti siimera m'munda ngati chinangwa

Nthawi iliyonse ikamveka mbiri yoti achifwamba athyola golosale usiku atanyamula mfuti, mtsutso wa kuno ku Thuchila umakhala womwewo. Ena amati gwero lake ndi umphawi. Ena amatsitsa mawu n'kunena kuti ndi anthu a ku Mozambique, ati kuombera kuli m'magazi mwawo. Sabata ino tiyeni tiunike mayankho awiriwa modekha, pakuti yankho limene tilisunge mumtima ndilo lidzatilozera munthu woti timuthamangitse ndi zikwanje tsiku lina.

Umphawi timaudziwa, sitichita kuuzidwa. Koma ukanakhala kuti ndiwo umaomba mfuti, bwenzi midzi yathu itasanduka mabwinja kalekale. M'chaka cha njala cha 2002 makolo athu adadya gaga ndi mizu, ena adaba chimanga chosakhwima m'minda, komabe unyinji wawo sudaloze mnzake ndi mfuti. Kunena kuti wosauka ndi wachifwamba amene sadapeze mpata ndi kunyoza amayi amene amagona ndi njala koma osakhudza nkhuku ya mnansi.

Yankho lachiwiri ndilo limatichititsa manyazi kwambiri. Ambiri a ife ndife Alhomwe, ndipo makolo athu adawoloka kuchokera ku Mozambique komweko kudzagwira thangata m'minda ya azungu. Tikamati mtundu wa kutsidya kwa Muloza ndi wokonda kupha, kodi sitikutukwana agogo athu?

N'zoona kuti mfuti zambiri zidalowera kumeneko. Koma tifunse kuti zidafikako bwanji. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo idayamba mu 1977 ndipo idatha pa 4 October 1992, pamene adasayinirana pangano la mtendere ku Rome mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio. Renamo idaleredwa ndi boma la azungu la Rhodesia, kenako ndi boma la tsankho la South Africa, pamene Frelimo inkalandira zida kuchokera ku Soviet Union. Apa ndiye pali nkhani yeniyeni ya khungu: maboma a azungu ochepa, poopa kutaya ulamuliro, adathira mafuta pamoto wa m'dziko la anthu akuda. Anthu oposa 1 miliyoni adathawira ku Malawi, ena m'boma lathu lino la Mulanje. Iwowa adabwera ndi mitolo pamutu ndi ana kumbuyo, akuthawa mfuti zomwezo. Nkhondo itatha, ma AK-47 ochuluka sadaonongedwe. Adakwiriridwa m'tchire, ndipo pang'onopang'ono adayamba kugulitsidwa motchipa kudutsa malire amene munthu amawoloka ngakhale panjinga. Tisaiwalenso kuti mu December 1993, asilikali atalanda zida a Malawi Young Pioneers, ena mwa iwo adathawira ku Mozambique ndi mfuti zawo. Amenewo adali Amalawi anzathu.

Ndiye kuti umphawi ulibe mbali? Uli nayo, koma umabwera pambuyo. Mfuti ikakhala kale pamudzi, mnyamata wopanda munda ndi ntchito ndiye amavutika kuikana, ndipo amene adaikwirira amavutika kuitaya chifukwa ndicho chuma chake chokha.

Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican adaliona bwino limeneli. Mu 1995 iye pamodzi ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique adayambitsa ntchito yosinthanitsa zida za nkhondo ndi zipangizo, motsogozedwa ndi uneneri wa Yesaya 2:4. Munthu ankabwera ndi mfuti osafunsidwa dzina, n'kubwerera ndi khasu, njinga, malata kapena makina osokera. Mfutizo ankaziduladula pomwepo, ndipo amisiri a ku Maputo adawotcherera zidutswa zina n'kupanga mtengo wachitsulo umene adauika ku British Museum mu London mu 2005.