Dzina la Mtsempha wa M'ntchafu

Mawu oti mtsempha m'Chichewa amasenza katundu wambiri. Njira yochotsa magazi kumtima ndi mtsempha, yowabweza ndi mtsempha, ngakhale kaulusi kotimvetsa kuwawa timakatchanso mtsempha. Anzathu ophunzira udokotala amatiseka nazo, amvekere Chingerezi chokha ndiye chimatchula zinthu molunjika. Ine ndimawayankha ndi nkhani ya m'ntchafu.

M'kati mwa ntchafu, pansi pa minofu, muli mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima. Umayambira kuseri kwa bondo, kumene umatchedwa popliteal vein, n'kukwera motsatana ndi mtsempha wotsitsa magazi. Chakumtunda umakumana ndi mnzake, profunda femoris, amene amatolera magazi a m'minofu ya ntchafu. Pofika m'mphechepeche umalandiranso mtsempha wa pansi pa khungu, great saphenous, kenako n'kulowa m'chiuno. Magazi akukwera chitunda pamenepa. Chimawakankha ndi minofu ikamafinya mitsempha munthu akamayenda, ndipo titseko ta m'katimo timawaletsa kubwerera.

Tsono chigawo cha pakati pa bondo ndi pamene pamalowera profunda madokotala ankachitcha superficial femoral vein. Mawu oti superficial amatanthauza chapamwamba, pomwe mtsemphawu ndi wam'kati zedi. Kusiyana kwake si kwamasewera. Magazi akaundana mumtsempha wam'kati, chibulumacho chikhoza kuthothoka, kudutsa mumtima n'kukatseka njira ya magazi m'mapapo, munthu n'kufa. M'chaka cha 1995 magazini ya zachipatala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa ku America woonetsa kuti madokotala ambiri akawerenga dzinali sankaganiza zopereka mankhwala oletsa magazi kuundana. Mu 2002 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anasindikiza mgwirizano wochotsa mawuwo, dzina n'kutsala femoral vein basi. Tangoganizani, anthu a madigiri kusocheretsedwa ndi mawu amodzi a m'chilankhulo chawo chomwe!

Mayi anga aang'ono anatupa mwendo wakumanzere patangopita masiku ochepa atachira mwa opaleshoni. Namwino amene anawafotokozera sanalankhule Chingerezi n'kamodzi komwe. Anagwira ntchafu yawo n'kunena kuti, "Mayi, magazi aundana mumtsempha wam'kati, osati uwu mukuuona pakhunguwu ayi. Mankhwalawa musadumphitse, ndipo mukamva befu kapena kubaya pachifuwa mutiitane nthawi yomweyo." Mayiwo sukulu analekezera Sitandade 5, koma madzulo ake anawabwerezera bambo aang'ono zonsezo osaphonya.